Manja Amene Amayi Adaonetsa Amjomba

Dandaulo langa loyamba pa nkhani imeneyi ndidalipereka Loweruka lotsatira kututa chimanga, chaka chomwe ndidamaliza Sitandade 5 pasukulu ya kwathu ku Namwera. Ndidalipereka pakamwa, kwa amayi, ndili chiimire pafupi ndi nkhokwe, ndipo yankho lake lidali lakuti ndikatsekere mbuzi. Kachiwiri ndidalipereka pa ukwati wa mng'ono wanga, ndipo akuluakulu adati limenelo si tsiku lake. Kachitatu padali pa sadaka ya amjomba, malume athu, pomwe adandiuza kuti munthu akagona, milandu yake imagona naye. Tsopano ndakalamba, mano atsala owerengeka, choncho ndasankha kulemba, chifukwa pepala salituma kukatsekera mbuzi.

Pamene ndikulemba pano, pambali panga pali mpini wa khasu. Khasu lenilenilo lidatha kalekale, lidaperepeseka mpaka kutsala ngati supuni, koma mpini ndidausunga m'bokosi lachitsulo momwe muli mapepala anga onse: malipoti a sukulu, ziphaso za msonkho, malisiti a feteleza, ndi makalata a anthu amene ambiri a iwo adatsogola. Pampiniwo pali malo awiri akuda, osalala ngati galasi, pomwe manja anga ankagwira. Ukaununkhiza umamvabe dothi lofiira la kumunda kwathu. Adzukulu anga amati ndiutaye. Iwo sadziwa kuti umenewu ndi mboni.

Pakhomo pathu tidalipo anayi: amayi, ine, mng'ono wanga, ndi mlongo wathu amene adali akadali kumsana. Bambo adapita ku Joni mlongo wathuyo ali m'mimba, adalemba kalata imodzi, kenaka adatchona. Mng'ono wangayo tidali kalasi imodzi chifukwa ine ndidachedwa kuyamba sukulu, ndinkaweta mbuzi. Ndikufuna zidziwike pano pomwe kuti ngakhale ndidachedwa, pamayeso ine ndinkakhala woyamba, iye ankapezeka cha pakati. Lipoti langa ndili nalo. Lake sindikudziwa ngati adasunga, ndipo sindingadabwe ngati adalitaya.

Sukulu ya kwathu inkathera Sitandade 5. Wofuna kupitiriza ankayenera kutsika phiri, kukakhala ku Boma, ku Mangochi. Kumeneko kudali amjomba, mlongo wawo wa amayi, amene adali ndi kasitolo ka nsalu ndi mchere, ndiponso ankagula nsomba zouma kwa asodzi a ku Nkope n'kumakagulitsa kumtunda. Kwathu mwana ndi wa amjomba ake. Iwo ndiwo amanena za sukulu, za ukwati, za maliro. Choncho atafika chilimwe china, titatsala ndi nyengo imodzi kuti timalize sukuluyo, mvula isanayambe, akukankha njinga yawo pamtunda wa Chowe, tonse tidadziwa kuti sadangobwera kudzapereka moni.

Ndimakumbukira fungo lawo kuposa nkhope yawo. Ankanunkhira sopo, ndipo pansi pa sopoyo pankamveka usipa. Kanzu yawo idali yoyera mbee ngakhale adayenda m'fumbi tsiku lonse, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ankatha bwanji. Adakhala pamkeka, adamwa madzi, adatiyang'ana anyamata awirife kwa nthawi, kenaka adauza amayi kuti pakhomo pawo pali malo a mwana mmodzi yekha. "Ndidzabwera mukakolola," adatero. "Ndidzaona."

Adangonena zomwezo. Sadanene kuti adzaona chiyani. Koma mwana amene wakulira m'munda amadziwa lamulo limodzi, lomwe amayi ankalibwereza m'mawa uliwonse potidzutsa: wolima ndiye amadya. Ndidaona wolima akulandira dowe wamkulu. Ndidaona mkamwini wolima akulemekezedwa ndi apongozi, waulesi akupirikitsidwa pamudzi. Kodi ndikadaganiza chiyani china? Usiku womwewo ndidanola khasu pamwala. Ndidatsimikiza kuti amjomba akadzabwera, adzapeza munda woti sangaudutse osafunsa kuti walima ndani.

Nyengo yomweyo aphunzitsi adatiphunzitsa mawu ena a Chingerezi amene andivutitsa moyo wanga wonse. Aphunzitsiwo adali munthu wowonda, wokonda kutsuka m'mano ndi mswachi pakati pa phunziro. Adalemba pabolodi kuti *cultivate*, ife tonse n'kumakuwa pambuyo pawo kuti "kalitiveti, kalitiveti," mpaka mbuzi za panja zidathawa. Adati tanthauzo lake ndi kulima: kutipula nthaka, kubzala, kupalira. Kenaka adachotsa mswachi mkamwa n'kuwonjezera kuti Angerezi, akaona munthu wophunzira, wodziwa kukhala pa anthu, womwa tiyi mopanda phokoso, amamutchanso ndi mawu omwewo, amati ndi *cultivated*, ngati munda wosamalidwa bwino. "Monga amjomba awo a awiriwa," adatero akutiloza ndi mswachi. Kalasi yonse idatembenuka kutiyang'ana. Ine ndidalemba tanthauzo loyamba m'kope langa. Mng'ono wanga sadalembe kanthu, adangomwetulira. Pano ndimaona kuti tsiku limenelo tidagawana mawuwo pakati, aliyense n'kutenga mbali yake.

Munda wathu udali m'mbali mwa phiri, wamiyala, wodzala nsongole. Ndidasosa ndekha dzuwa likuswa mtengo. Ndidapanga mizere kuyambira pachulu mpaka kukhwawa, gawo lomwe lidagonera chichokere bambo. Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike, kulima mpaka belu la sukulu, kuthamanga ndi matope m'miyendo, ndipo tikaweruka, anzanga akupita kukatchera mbalame, ine ndinkabwerera kumunda. Matuza adatuluka m'manja, adaphulika, adatulukanso ena pamwamba pa oyambawo. Amayi ankandisambitsa ndi madzi amchere n'kundimanga kansanza. Ululu wake unkafika m'mano. M'mawa ndinkamasula kansanzako chifukwa kankaterera pampini.

Nanga mng'ono wanga? Ndilemba mwachilungamo, sindiwonjezera. Nthawi yopanga mizere adadwala mutu. Nthawi yobzala adaponda minga. Nthawi yopalira m'mimba mwake mudayamba kupota, ndipo mudapota mpaka tidamaliza kubandira. Matendawa ankamugwira m'mawa okha, ndipo ankachira akangomva kuti kwaphikidwa kanthu. Ndikadandaula, amayi ankati, "Musiye, ngwofooka chibadwire." Masana ankapezeka kunyumba kwa aphunzitsi. Kumeneko adaphunzira kusita malaya ndi simbi yamakala, kupinda mpango wa m'thumba, kuthirira mlendo madzi osamba m'manja atagwada bondo limodzi, ndi kugogoda pakhomo m'malo mongoti odi. Ine ndinkamuseka kuti wasanduka wantchito wa aphunzitsi wosalipidwa. Iye ankangoti, "Sendera uko, ukununkha dothi." Ndipo kunena zoona ndinkamumvera chisoni. Ndinkati mwana uyu akudzitayitsa yekha mwayi.

Mwezi wa njala udafika monga umafikira chaka chilichonse. Ufa udatha, tidadya madeya, madeya adatha, tidaphika mango aawisi. Amayi ankapita kukagwira ganyu kuminda ya fodya, mwana ali kumsana, n'kubwera ndi kambale ka chimanga madzulo. Kumunda kwathu kudatsala ine. Chimanga chitayamba kubereka, anyani adatsika m'phiri. Ndidamanga kansanja pachulu, ndipo ndinkakhala pamenepo ndi legeni ndi chitini chogogoda, mvula ikundithera pathupi, mawu atasasa chifukwa chokuwa. Tsiku lina nyani wamkulu adakhala pamwala moyang'anana nane, akusenda chimanga changa mosafulumira, ngati akudziwa kuti ndine mwana chabe. Ndidalira chifukwa cha ukali. Koma ndikatopa ndinkatseka maso n'kumaganiza za ku Boma: nyumba zamalata, mtsinje wa Shire umene ndidali ndisanauone, sukulu yokhala ndi mawindo agalasi, ndi ine ndili m'kati mwake nditavala nsapato. Maganizo amenewo ndiwo adalondera munda uja.

Chimanga chidachita. Nandolo adachita, maungu adachita, mtedza wa kukhwawa udachita. Kwa nthawi yoyamba chichokere bambo, nkhokwe yathu idadzala mpaka tidaika china padenga. Amayi oyandikana nafe ankaima panjira n'kumati, "Pakhomo pano pali mwamuna tsopano." Ine ndinkamva mawuwo ngati chiphaso cha ulendo.

Ndidakonzeka. Ndidali ndi malaya amodzi abwino, a khaki, ndipo ndidawachapa ndi kachidutswa ka sopo komwe ndidabisa kuchokera pa mphatso za amjomba. Ndidawayanika paudzu, ndidawapinda, ndidawaika pansi pa mkeka kuti awongoke. Ndidatsanzikana ndi anzanga. Legeni yanga ndidampatsa mnzanga wina, n'kumuuza kuti ku Boma kulibe anyani. Ngakhale mng'ono wanga ndidamulangiza. Ndidamuonetsa pomwe madzi amakokolola mizere, ndi mbuzi yomwe imakonda kudula chingwe. Adamvetsera mwaulemu, poti ulemu ndiwo adali ataphunzira.

Amjomba adabwera monga adalonjezera. Adatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, adayang'ana nkhokwe, adaizungulira, adagogoda m'mbali mwake ndi chala. Kenaka adapita kumunda okha, kanzu atakwinyira m'mwamba, ndipo ndidawaona akuyenda m'mapesi mpaka kukhwawa. Atabwera adakhala pamkeka n'kufunsa funso lomwe ndidaliyembekezera nyengo yonse: "Walima ndani?"

Amayi adaimirira. Adandiitana, adandigwira m'mikono, adatembenuza manja anga kuti zikhatho ziyang'ane kumwamba, n'kuwaika pamaso pa amjomba. "Achimwene, taonani manja awa," adatero. Adabwerezanso, mawu akunjenjemera: "Taonani manja awa." Zikhathozo zidali zolimba ngati chikopa cha ng'oma, zong'ambika m'mizere, dothi litalowa moti sopo sakadalichotsa. Amjomba adadinikiza ndi chala chachikulu, apa ndi apo, monga amachitira poyesa nsomba ngati yauma. Adayang'ana amayi, adayang'ana khanda lomwe lidali kumsana, adayang'ananso nkhokwe. "Chambone, chabwino," adatero. "Ndaona."

Pamenepo mng'ono wanga adatulukira ndi ketulo ya madzi ndi kansalu paphewa. Adagwada bondo limodzi, adawathirira amjomba madzi m'manja pang'onopang'ono, osadontheza pa kanzu. Amjomba adapukuta m'manja, ndipo osakweza mawu adati, "Uyu akonzeke. Tinyamuka mawa."

Ndidaganiza kuti alakwitsa kuloza. Ndidadikira kuti amayi awakonze. Amayi adasiya mikono yanga n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake kudapezeka kuti malaya a mng'ono wanga adali akuda ndiponso ong'ambika pakhwapa, osayenera kupita nawo ku Boma. Amayi adatukula mkeka wanga n'kutenga aja a khaki. Adamukulira pang'ono, adapinda manja ake. Ndidamuona atakhala pakaliyala ya njinga, atavala malaya anga, akununkhira sopo wanga, akutsika njira yomwe ndidaiyenda m'maganizo nyengo yonse. Adandibayibitsa. Apo m'pomwe ndidapereka dandaulo loyamba lija, ndipo apo m'pomwe adandituma ku mbuzi. Malayawo sadabwezedwe mpaka lero.

Pali chinthu china chomwe anthu a m'banja mwathu amakonda kuiwala. Mwana akapita kukakhala kwa abale, sapita chimanjamanja, chakudya chimamutsatira. Kuyambira chaka chimenecho, tikakolola, matumba ankatsika phiri kupita kunyumba kwa amjomba. Ndinkawasenza ndine mpaka pamsewu. Choncho pamene mng'ono wanga ankaphunzira kudya ndi supuni, m'supunimo mudali chimanga cha khasu ili. Pa tchuthi choyamba adabwera atavala nsapato zakuda, akuyenda mosamala ngati nthaka ya kwathu ingamulume. Adandifotokozera za nyanja, kuti ilibe tsidya, za ngalawa za asodzi, za azungu amene adawapatsa moni m'Chingerezi iwo n'kuyankha. Ndidanamizira kugona. Atagona iye, ndidayesa nsapato zija. Sizidalowe. Mapazi anga adali atatambasuka kale ndi munda.

Iye adapitiriza sukulu, adalowa ntchito ya muofesi, adamanga nyumba ku Mangochi yokhala ndi maluwa pakhomo. Ine ndidalima. Sindikuchita manyazi ndi zimenezo. Aphunzitsi aja ankandibwereka mabuku mpaka adasamuka, ndipo pambuyo pake ndidakhala mlembi wa kalabu ya alimi zaka zambiri, osasowetsa pepala ndi limodzi lomwe. Ana anga adadya, adaphunzira. Nkhaniyi ndikadaisiya m'bokosi pamodzi ndi mpini, pakadapanda zomwe zidachitika mwezi wathawu.

Mdzukulu wa mng'ono wanga ankakwatiwa ku Boma, ndipo adandiitana. Adandikhazika cha kukhomo, pafupi ndi zokuzira mawu. Mkamwini wa mng'ono wangayo, munthu wa taye, adaimirira kuyamikira apongozi ake m'Chingerezi, ndipo pakati pa mawu ambiri omwe adandidutsa, ndidamva aja a pabolodi. Adati apongozi ake ndi *cultivated gentleman*. Anthu adaomba m'manja. Kenaka mng'ono wanga adalandira chokuzira mawu n'kufotokozera alendo mbiri yake. Adati adabadwira m'umphawi kumapiri, koma malemu amjomba, poona nzeru zomwe zidali mwa iye, adamusankha pakati pa ana onse. Adatero ine ndili pomwepo, mbale ya mpunga ili pamiyendo. Mpungawo sindidaudye.

Nditafika kunyumba ndidatsegula dikishonale yanga yakale kuti nditsimikize ngati aphunzitsi adatiuza zoona. Adatiuza zoona. Tanthauzo loyamba ndi la nthaka yolimidwa. La munthu wosalala limabwera pambuyo, ndipo lidachita kubwereka kwa loyambalo. Angerezi eni ake adadziwa kuti ulemu wa munthu uli ngati munda, pamafunika wina woti athyoke msana. Chomwe bukulo silinena n'chakuti nthawi zina wothyoka msana ndi wina, wosalala n'kukhala wina. Ndaonanso kuti mawuwa sawanenera munthu wogwira khasu. Ndalima zaka zonsezi, ndipo palibe adandiimirira pa ukwati n'kunditcha dzina limenelo.

Za nzeru zomwe amjomba adaona, ine ndikudziwa zina, ndipo ndidazidziwa mochedwa. Amayi atakalamba, maso atachita khungu, ndinkawasunga ndine. Tsiku lina ndikuwapatsa phala, adandigwira m'mikono, adatembenuza manja anga monga adachitira tsiku lija, n'kumasisita zikhatho ndi zala zawo. "Manja awa," adatero. "Ndidawapempha achimwene kuti andisiyire. Akadatenga iwe, tikadafa." Adangonena zomwezo n'kupempha madzi. Ndidatuluka panja ndipo ndidakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka phala lidazizira.

Ndayesa kuwaimba mlandu amayi, koma mlanduwo sukhazikika. Mkazi wosiyidwa, khanda kumsana, munda wa m'phiri, anyani: akadasankha bwanji? Amjomba nawo adamva pempho la mlongo wawo n'kutenga mwana amene kuchoka kwake sikukadachepetsa kanthu m'nkhokwe. Zimenezo ndazimvetsa. Koma kumvetsa sikuchotsa nsanje. Ndikamuona mng'ono wanga akutulutsa mpango wa m'thumba, wopindidwa bwino, mtima umandiwawa chimodzimodzi ngati ndili pansi pa mango uja, ndipo sindibisa.

Choncho, achimwene, mng'ono wanga, popeza ndikudziwa kuti ana anu adzakuwerengerani izi, ndikulankhula ndi inu tsopano, mwaulemu umene mumaukonda. Sindikufuna nyumba yanu. Matumba aja sindidawawerenge ndipo sindiwalipiritsa. Malaya a khaki ndakhululuka, ngakhale ndawalemba. Pempho langa ndi limodzi. Pa sadaka ya amayi ikubwerayi, abale onse atakhala pansi, ana anu ndi anga ali pomwepo, muimirire monga mudaimirira pa ukwati, ndipo munene m'chinenero chomwe aliyense amve, kuti woyamba m'kalasi adali ndani, munda uja adalima ndani, ndiponso chifukwa chenicheni chomwe amjomba adakukwezerani panjinga. Ngati mukutsutsa, mubwere ndi umboni wanu. Ine ndibwera ndi lipoti ndi mpini. Ndikupempha kuti yankho lanu lindipeze mvula isanagwe, chifukwa ikagwa ndidzakhala ndili kumunda, ndiponso pa msinkhu wathu uno si bwino kuzengereza nkhani.

Ndikupempha izi m'malo mwa mnyamata amene sadayankhidwe. Inu mudali m'nyumba mukudzaza ketulo, ndiye simudamuone. Amayi ake atagwira mikono yake n'kunena kuti taonani manja awa, iye adamva mawu awo akunjenjemera ndipo adayesa kuti n'kunyada. Adaimirira mowongoka, adatambasula zala zonse, n'kusendeza zikhatho pafupi ndi nkhope ya amjomba, kuti aonetsetse.